Zigamba Zoyera ndi Phazi la Mayi Muhiwa

Ana anga, mwandiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kusokoneza mayina a anthu. Za ubwana wanga ku Nsanje azakhali anu anakusimbirani kale, mwinanso anawonjezeramo zawo, ndiye ine ndiyambira pa tsiku limene ndinavala yunifolomu. Muli nkhani imodzi muno imene pakhomo pano amaidziwa ndi amayi anu okha. Ndaona kuti ndi bwino muimve kuchokera kwa ine mwiniwake.

Ndili ndi zaka 19, pa chipatala cha mishoni

Ntchito yanga yoyamba inali yothandiza m'wodi pa chipatala chaching'ono cha mishoni kwathu kuchigwa. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Chingerezi ndinkachimva koma pakamwa chinkandikanika, ndipo munthu wamkulu akandiyang'ana ine ndinkayang'ana zala zanga za kumapazi. Wondiyang'anira anali Asisitere Anyezi, mayi wamfupi amene ankayenda mofulumira kuposa ife achinyamata. Zinthu zinkasowa kwambiri masiku amenewo. Majakisoni anali agalasi ndipo tinkawawiritsa m'poto pa mbaula ya makala. Magolovesi tinkawachapa, kuwayanika pa chingwe, n'kuwagwiritsanso ntchito mpaka atabooka. Mabandeji ochokera pa zilonda tinkawanyika, kuwachapa, kuwawiritsa, kuwasita, kenako kuwakulunga bwinobwino. Tsiku lina ndinapereka bandeji imene inali ndi kabanga kachikasu pakona. Asisitere anainyamula ndi zala ziwiri n'kuiyang'ana pa windo.

"Fabiano, ichi n'chiyani?"

"Chakana kuchoka, Asisitere. Ndachapa kawiri."

"Ukanakhala iwe wagona pabedipo, ukanalola kuti akumange nayo?"

"Ayi, Asisitere."

"Ndiye chinthu chamabanga sichipita pa thupi la munthu. Ukakayika, chapa. Ukakayikabe, thira sipiriti."

Sanakalipe, koma ndinachita manyazi kwambiri. Mawu amenewo analowa m'manja mwanga kuposa m'mutu. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinagwira pamenepo, ndipo Asisitere sanandibwezerenso bandeji ina.

Ndili ndi zaka 26, ku Blantyre

Asisitere omwewo ndi amene anandilembera kalata yondiyamikira kutamveka kuti chipatala china chachikulu ku Blantyre chikufuna wothandiza mu labu, chipinda choyezera magazi ndi zina za odwala. Ndinafikira kwa amalume ku Nkolokosa, m'kachipinda ka kuseri, ndipo kuntchito ndinkayenda wapansi chifukwa ndinkachita manyazi kukuwira kondakitala kuti nditsike. Bwana wanga woyamba anali a Makwinja, bambo wa mawu aakulu amene ankayamba wakalipa asanakuphunzitse, koma akakuphunzitsa sunkaiwala. Anandiyambitsa pa sinki, kutsuka machubu agalasi. Patapita zaka anandionetsa kutenga magazi pa mkono, kulemba mayina pa machubu, ndi kuyendetsa makina ozunguza magazi, amene amachititsa kuti ofiira akhale pansi, madzi ake achikasu n'kukwera pamwamba. Magetsi akazima tinkatulutsa makina akale apamanja, ine n'kumapukusa mpaka phewa kutentha. Madzi akasiya pa mpopi ndinkatunga ndi ndowa ku thanki ya kuseri kwa khitchini. Anzanga anandipatsa dzina loti a Sopo, chifukwa chubu chimene wina watsuka kale ine ndinkachitsukanso. Dzinalo silinkandipweteka. Ndinkaona kuti pakati pa anthu ophunzira aja, ine wopanda mapepala, ukhondo ndiwo unali pepala langa. M'zaka zimenezo ndinakwatira amayi anu, tinapeza malo ku Machinjiri kudakali minda ndi mitengo ya mango, ndipo inu munabadwa. Mabwana anasintha anayi. Palibe amene anandilemberapo kalata ya chenjezo, komanso palibe amene anandimvapo ndikufunsa funso. Ndikapanda kumvetsa ndinkangoti "chabwino bwana," kenako n'kumaonera mmene ena akuchitira.

Ndili ndi zaka 54, ntchito ya zigamba

Kunabwera dokotala watsopano, Dokotala Mwale, mayi wa msinkhu wa Tereza wathu, amene anakaphunzira kunja za zilonda zokana kupola. Anabwera ndi kabokosi ka zigamba zopyapyala, zoyera ngati pepala, zopangidwa kufakitale kuchokera ku chikopa cha ng'ombe. Anandisankha ine kuti ndizizikonza chifukwa anamva kuti ndine waukhondo. Anandifotokozera ataimirira, foni ikulira m'thumba. Anati m'magazi a munthu muli tizinthu tosaoneka ndi maso timene timaitana mnofu kuti umere pamene munthu wavulala. Pa chilonda chakale tizinthuto timachepa. Tikhoza kutengedwa m'magazi a wodwala yemweyo, koma tikangothiridwa pa chilonda timakokoloka ndi madzi a pachilondapo tsiku lisanathe. Ndiye timafuna pogwira. Ukanyika chigamba m'madzi achikasu a magaziwo kwa ola limodzi, tizinthuto timamatirira pa chigambacho. Chikaikidwa pa chilonda timatuluka pang'onopang'ono, mnofu watsopano n'kumayanga pa chigambacho monga nyemba zimayangira pa phesi la chimanga. Za nyembazo ndawonjezera ndine, iwo analankhula m'Chingerezi. Pomaliza anandionetsa kutsukuluza chigambacho pang'ono chabe m'madzi a diripi, amchere aja, n'kuchiika m'kambale kotseka kuti chipite ku wodi. Chifukwa chake sananene, ndipo ine sindinafunse.

Odwala awiri oyamba zilonda zawo zinayamba kutseka, adokotala n'kundiyamikira pamaso pa anthu. Wachitatu anali mayi Muhiwa a ku Bangwe, ogulitsa nsomba zouma pa msika. Anali ndi matenda a shuga amene anawachititsa dzanzi kumapazi, moti anaponda msomali osamva, n'kuyenda nawo tsiku lonse. Pansi pa phazi lamanzere panatseguka chilonda chachikulu ngati pakamwa pa kapu ya tiyi, ndipo chinakana mankhwala onse kwa miyezi. Sabata iliyonse ndinkapita ku wodi kukawatenga magazi okonzera chigamba chawo.

"Eee, namapopa wanga uja wafika," ankatero ndikangolowa ndi jakisoni. "Amayi inu bisani mikono, uyu sakhuta."

Wodi yonse inkaseka, ine n'kumayang'ana pansi. "Ndi pang'ono chabe, mayi."

"Pang'onopang'ono pomwepo mundimaliza. Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ku Nsanje."

"Ndinadziwa ine. Nsomba zakwanu ndagulitsa zaka zonsezi, tsopano zakutumani mudzabwezere."

Koma tsiku loyambalo, anthu atasiya kuseka, anandigwira dzanja n'kutsitsa mawu. "Phazi limeneli ndi limene limadyetsa zidzukulu zanga zitatu. Ku Bangwe kuli zitunda, njinga ya olumala siikwerako. Mulikonze bwino."

Linali dzinja, ndipo mawodi anadzaza ndi odwala otsekula m'mimba. Madzi a diripi onse anapita kwa iwo, labu sinapatsidwe ngakhale thumba limodzi. Ndinaima ndi chigamba cha mayi Muhiwa m'kambale, chili chachikasu, chonanda, ndi timabanga ta magazi m'mphepete. Ofesi ya Dokotala Mwale inali pafupi pomwepo, koma panja pake panali mzere wa anthu, ndipo ndinaona ngati kukawafunsa za madzi n'kuwavutitsa. Pa shelefu panali botolo la sipiriti. Ndinatsukuluza chigambacho m'sipiriti, kuchisiya kuti chiumeko, ndipo chinatuluka choyera mbee. Kunena zoona, ndinasangalala. Ndinkaganiza kuti ndachita bwino kuposa mmene ndinauzidwira. Nesi amene ankamanga chilondacho anali watsopano pa wodiyo, sanaonepo zigamba zoyamba zija, ndipo anandiuza kuti manja anga ndi aukhondo. Fungo palibe analimva chifukwa wodi yonse imanunkha sipiriti. Munthu wina akanakuwa ndi ululu, koma phazi la mayi Muhiwa silinkamva kanthu. Ndinachita chimodzimodzi masabata asanu.

Chilonda sichinasinthe. Sabata iliyonse nesi ankaika kapulasitiki koonekera pamwamba pake n'kujambula kukula kwake, ndipo timapulasitiki tisanu tija ukatisanjikiza mizere yake inkangofanana. Madokotala a opaleshoni anati kudikirabe n'kuika moyo wa mayiyo pachiswe, chifukwa chilonda chikafika pa fupa matenda amakwera mwendo wonse. Anagwirizana kuti Lachiwiri lotsatira adule mwendowo m'munsi mwa bondo. Mayi Muhiwa anasiya kunditchula namapopa. Ndikadutsa pa wodi ndinkawaona atagona choyang'ana kukhoma.

Kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba la sabata imeneyo

Lachisanu madzi a diripi anabwera. Tsiku lomwelo Dokotala Mwale analowa mu labu ndi nesi wina wochokera ku chipatala cha m'boma lina, amene ankafuna kuona kakonzedwe ka zigamba. Adokotala anakonza okha chimodzi chongoonetsera. Ine ndinali pa sinki, kumbuyo kwawo.

"Kwathu madzi a diripi amasowasowa," anatero mlendoyo. "Sipiriti sangachite?"

"Ayi, ayi, chonde musadzayerekeze," anatero adokotala akuseka. "Tizinthuti n'tosalimba ngati dzira laliwisi. Mukathira sipiriti timauma n'kufa, mumatsala ndi chigamba chopanda kanthu. Komanso sipiritiyo amawotcha mnofu wanthete umene ukuyamba kumera. Chikasu mukuchionachi ndiye mankhwalawo. Madzi akasowa, kuli bwino osatsukuluza n'komwe."

Chubu chimene chinali m'manja mwanga ndinachitsuka mpaka anthuwo anatuluka, chifukwa ndinkaopa kutembenuka. Nzeru yoyamba imene inandibwerera inali yoipa, ndipo ndiilemba kuti mundidziwe mmene ndinaliri. Ndinati madzi abwera, ndingoyamba kuchita zoyenera mwakachetechete, palibe adzadziwe. Kenako ndinawerenga masiku. Chigamba chabwino chimafuna masabata kuti chionetse ntchito yake, pamene mpeni unali Lachiwiri. Munthu wina anayenera kuuza adokotala kuti mayi Muhiwa sanalandirepo mankhwalawo ngakhale kamodzi, ndipo wodziwa zimenezo ndinali ine ndekha.

Loweruka m'mawa tinali kupalira chimanga m'munda wathu wa kuseri kwa nyumba. Amayi anu anaona kuti ndadula mapesi awiri ndi khasu.

"Bambo a Tereza, chimangacho chakulakwirani chiyani?"

Ndinaika khasu pansi n'kuwauza zonse. Anamvetsera osandidula mawu, atatsamira mpini.

"Ndiye mukufuna kutani?"

"Nanga akandichotsa? Zaka zonsezi popanda kalata ndi imodzi yomwe. Anthu adzati a Sopo anapha mankhwala ndi sipiriti."

"Adzanenadi, adzasekanso. Nanga mayiwo akawadula, inu mudzapita kuntchito m'mawa mwake?"

"Sindikudziwa."

"Ine ndikudziwa. Simudzapita, ndipo m'nyumba muno simudzakhalanso munthu. Lolemba mulawire, muwapeze adokotalawo asanayambe kuona anthu. Shati ndikusitirani."

Anatola khasu lawo n'kupitiriza mzere, ngati tamaliza kukambirana za mbewu.

Lolemba ndinakwera minibasi yoyamba. Ndinaima pa chitseko cha Dokotala Mwale kanthawi ndithu ndisanagogode. Chingerezi chimene ndinakonza m'njira chinathawa chonse, ndiye ndinalankhula Chichewa.

"A Fabiano, kwagwanji m'mawa uno?"

"Adokotala, zigamba za mayi Muhiwa ndinkazitsukuluza ndi sipiriti."

Anaika cholembera pansi. "Zingati?"

"Zonse zisanu."

Kenako anadzuka pa mpando.

"Bwanji simunandifunse? Chitseko changa ndi ichi, chanu ndi icho!"

"Ndinkaona kuti ndinu otanganidwa. Ndinkaganizanso kuti choyera ndiye chabwino."

"Mayi uja akudulidwa mwendo mawa, a Fabiano. Mawa lomweli."

"N'chifukwa chake ndabwera."

Anakhalanso pansi n'kugwira mutu ndi manja awiri. Atalankhulanso, mawu anali atatsika. "Nanenso ndinalakwa. Ndinakuonetsani kachitidwe osakuuzani chifukwa chake, ndipo masabata asanu onse sindinayang'anepo chigamba ndi chimodzi chomwe. Tonse awiri tilemba lipoti. Sindikulonjeza kanthu. Tijambulenso phazilo, ngati fupa silinagwidwe ndikapempha anzanga atipatse mwezi umodzi. Koma mayi Muhiwa mukawauze nokha, ine ndili pomwepo. Phazi ndi lawo."

Chithunzi chinaonetsa kuti fupa lidakali bwino. Madokotala a opaleshoni anavomera monyinyirika, ndipo anati thupi likangotentha kapena chilonda chikayamba kununkha, mwendo udulidwa tsiku lomwelo. Masana ake tinapita ku wodi, nesi anakoka katani kuzungulira bedi, ndipo ndinafotokoza zimene ndinachita. Kwa adokotala kunali kopepuka kusiyana ndi apa.

"Ndiye magazi anga onse aja munkawatsukira m'sinki?"

"Eya, mayi."

"Masabata asanu ndagona pano, pa malo anga kumsika pakhala ena, ine ndikulirira khoma kuti thupi langa lakana mankhwala. Chonsecho ndinu."

"Ndine, mayi. Pepani."

"Pepani wanuyo sindingayendere." Kenako anafunsa, "Wakugwirani ndani?"

"Palibe, mayi."

"Mwadzinena nokha?" Anayang'ana adokotala, ndipo adokotala anavomera ndi mutu. "Ndiye mukanangokhala duu, mawa bwenzi atadula."

"Eya, mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba ine sindinayang'ane pansi. Kenako anapinda dzanja la bulauzi n'kutambasula mkono.

"Popani. Koma kuyambira lero chigamba chilichonse chizidutsa m'maso mwanga chisanafike pa phazi. Chikadzabwera choyera ngati nsalu ya pa guwa, ndidzakuwa wodi yonse imve."

Miyezi iwiri yotsatira

Kalata ya chenjezo ndinailandira, yoyamba komanso yomaliza. Anzanga anasekadi monga ananenera amayi anu, wina anabisa botolo la sipiriti m'kabati n'kundiuza kuti akundithandiza kusiya. Patatha sabata anaiwala. Dokotala Mwale analemba kakonzedwe ka zigamba m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndi chifukwa cha chinthu chilichonse pambali pake, n'kumata pamwamba pa sinki yanga. Lachiwiri lililonse ndinkanyamula kambale kupita ku wodi, kutsegula chivindikiro, mayi Muhiwa n'kusuzumiramo.

"Eee, ichi ndiye chonyansa bwino. Ikani."

Sabata yoyamba panalibe kusintha. Yachiwiri chimodzimodzi, ndipo chakudya chinasiya kundilowa, lamba ndinabowola chibowo china. M'mawa uliwonse ndisanalowe mu labu ndinkadzera ku wodi kukaona pepala la kumiyendo kwa bedi lawo ngati thupi latentha. Sabata yachitatu nesi atamasula bandeji anangoti, "Bwerani kuno, a Fabiano." Pansi pa chilondacho, pamene panali potuwa, panali timnofu tofiira ngati mkati mwa gwafa wakupsa. Anajambula pa kapulasitiki, n'kukasanjika pa takale tija, ndipo mzere watsopanowo unagona m'kati mwa mizere yonse. Dokotala Mwale atayang'ana anangotulutsa foni n'kuimbira a opaleshoni. Ine ndinatuluka pakhonde n'kukhala pa benchi ya odwala. Bambo wina anandifunsa ngati ndili pa mzere. Ndinati ayi, pitani patsogolo.

Adokotala anandiuza pambuyo pake kuti sitingadziwe bwinobwino kuti chinapoletsa chilondacho n'chiyani kwenikweni, kaya zigamba, kaya kupumitsa phazi, kaya shuga amene anatsika m'masabata amenewo. Mwina zonse pamodzi. Ndalemba zimenezi chifukwa iwo sankafuna kuti tizidzitama ndi zimene sitikuzidziwa. Kwa ine zinalibe kanthu kuti chapoletsa n'chiti. Chilonda chinkachepa, basi.

Ntchito ya zigamba ndinaigwirabe mpaka ndinapuma ndili ndi zaka 60, ndipo kufunsa ndinakuphunzira nditamera imvi. Inu musadikire msinkhu umenewo. Tsiku lopuma anandikonzera phwando, munalipo, munamva zabwino zimene ananena. Koma tsiku limene ndimalikumbukira pa ntchito yonseyo ndi limene anatulutsidwa mayi Muhiwa. Nesi anawabweretsera njinga ya odwala kuti awakankhe mpaka kugeti, iwo anaikana. Anayenda okha pang'onopang'ono, ndodo kudzanja, atavala nsapato zofewa zimene anawapatsa, mpaka pa chitseko cha labu kumene odwala saloledwa kufika.

"A Fabiano, tatulukani."

Ndinatuluka manja ali thovu lokhalokha. Anakweza chitenje pang'ono kuti mapazi aoneke.

"Werengani."

"Awiri, mayi."

"Sindinamve. Amve ndi anzanuwo."

"Awiri!"

Mawuwo anatuluka aakulu moti labu yonse inatembenuka.

"Basi. Ndikakwere minibasi ya ku Limbe dzuwa lisanatenthe. Kondakitala asayerekeze kundinyamula, ndikwera ndekha."

Ndinaima pa chitseko pomwepo, thovu likudontha pansi, ndikuwayang'ana akutsika khonde lalitali lija, phazi lamanja, phazi lamanzere, mpaka anakhota pakona.